Kodi Makoko a Chimanga Angavine?

Ana anga, senderani pafupi. Azakhali anu abwera ndi funso. Kodi makoko a chimanga angavine? Ndikuona ena mwayamba kale kuseka. Mukuti, "Azakhali, makoko alibe miyendo!" Mukuti ntchito yake n'kukolezera moto basi. Koma kafunseni mwana wa ku Dedza. Akuyankhani osaphethira n'komwe. Akuuzani kuti makoko amavina. Amavina mpaka fumbi kuti koboo! Amavina pabwalo, ng'oma zikulira, amayi akuwomba m'manja.

Kodi ku Dedza n'kuti? Tengani mapu a Malawi. Ikani chala pa Lilongwe. Tsetserekani nacho pang'ono, kutsata msewu wa M1 wopita ku Blantyre. Imani pomwepo, mwafika. Kuno n'kumapiri. Phiri la Dedza lokha limapitirira mamita 2,000 kutalika kwake. Mu Juni ndi Julaye kumazizira mpaka mano kugundana. Mbatata ya kachewere ndiye kwawo. Dziko la Mozambique lili pafupi, mungathe kuliona ndi maso. M'boma limeneli mumakhala Achewa, Angoni ndi Ayao.

Nanga makoko aja amavina liti? Dikirani anthu akolole. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, makasu amapuma. Mvula yapita, minda yauma. Apa mpamene ng'oma zimayamba kumveka usiku m'midzi ya Achewa. Ndi nyengo ya Gule Wamkulu. Gule satuluka wambawamba. Amatuluka pa maliro. Amatuluka pokumbukira munthu amene anamwalira kale. Amatuluka pa chinamwali, ndiponso polonga mfumu. Malo ake ovinira ndi bwalo la mudzi, pansi pa mitengo ikuluikulu.

Kodi wovala makokoyo ndani? Ndi Kasiyamaliro. Tatsinzinani pang'ono, timuone. Maonekedwe ake ndi a nyama ya m'tchire ya nyanga, ya m'banja la mphalapala. Ndi wamtali kuposa bambo wamkulu. Kutsogolo kuli mutu, kumbuyo kuli mchira. Thupi lonse ndi makoko oyera, olukidwa bwinobwino mizeremizere. M'munsi mwake mumalendewera tizingwe tokhudza pansi, choncho miyendo simuiona. Amayamba pang'onopang'ono. Amagwedezeka uku, agwedezeka uko. Kenaka amazungulira ngati kamvuluvulu wa mu Okutobala! Achewa amamulemekeza kwambiri. Amati ndi mayi wa onse. Ndiye amaperekeza womwalira kupita kwa makolo.

Kodi Kasiyamaliro ali yekha? Ayi, ali ndi anzake ambirimbiri. Onsewo timawatcha zilombo. Pali Chimkoko, chachitali zedi, cha msana wokwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. Pali Mkango. Koma wamkulu wa zonse ndi Njovu. Njovu situluka kawirikawiri. Imadikira mwambo waukulu, monga maliro a mfumu. Zilombo zambiri zimakonda usiku ndi m'bandakucha. Taganizani kuti muli pabwalo, mwafunda chitenje cha amayi. Kukuzizira. Mwezi ukuwala. Mwadzidzidzi amayi akweza nyimbo. Chinthu choyera, chachikulu, chikutuluka m'mitengo. Mtima wanu ukugunda bwanji? Ikani dzanja pachifuwa mumve.

Tsono chilombo chimayenda bwanji? Aaa, ndinadziwa kuti mufunsa zimenezi! Apa Azakhali atseka pakamwa. Gule ali ndi kwawo, kumene timati kudambwe. Kumeneko kumapita okhawo amene analowa mwambo. Za kudambwe sizikambidwa panjira. Sizilembedwanso pa tsamba la ana. Eni mwambo amatiuza kuti Gule ndi mizimu ya makolo, yobwera kudzacheza ndi amoyo. Ife a pabwalo gawo lathu ndi kupenya, kuimba ndi kupereka ulemu. Musadandaule. Zoti maso aone zilipo zambiri.

Kodi onse a m'bwalo ndi nyama? Ayi. Ena ali ndi nkhope za anthu. Tamuonani Chadzunda. Nkhope yake ndi yakuda, yamakwinya, ya nkhalamba. Amalowa m'bwalo akutsimphina. Mungaganize kuti agwa pompano. Koma ng'oma ikangotentha, eee! Nkhalamba ija imavina kuposa anyamata. Pafupi naye pamabwera Maliya, mayi wofatsa, wovina mwaulemu. Kenaka Kapoli, mutu wonse nthenga zokhazokha, akuimba ndi timawu tating'ono takuthwa. Ndiye pali Makanja. Kuti muone nkhope ya Makanja, mumakweza mutu mpaka khosi kuwawa. Miyendo yake ndi yaitali modabwitsa. Mukadzamuona, mudzayeze ndi maso. Ndi ana angati a msinkhu wanu amene angafike pamene pafika mutu wake?

Nanga uyu wa nkhope yofiira psuu ndani? Ndi Simoni. Amatsanzira mzungu amene dzuwa la kuno lamuwotcha. Azungu atafika m'dziko muno, anthu anawayang'anitsitsa. Anaona mayendedwe awo. Anaona zovala zawo. Sipanatenge nthawi, Simoni anatulukira m'bwalo. Magalimoto atayamba kuyenda m'misewu yathu, m'bwalo munalowanso chilombo chotchedwa Galimoto. Ndege nayo ilipo. Ine izi ndi zimene zimandikondweretsa koposa. Gule saiwala zimene mudzi waona. Chachilendo chikafika, iye amachipenya, kenaka amachivina. Tsono ganizani inuyo. Kwanu kwafika chiyani chachilendo chaka chino? Foni yatsopano? Sola padenga? Kabaza wa njinga yamoto? Chikanati chizivina, bwenzi chikuvina bwanji? Imirirani muyese.

N'chifukwa chiyani ena a m'bwalo amachita zamwano? Mudzaona wina waulesi. Wina wadyera. Wina wonyada, wina woledzera. Anthu amaseka mpaka kugwira nthiti. Koma akuseka choncho, aliyense amadzifunsa chamumtima: kodi ameneyu akunena ine? Umu ndi mmene Gule amaphunzitsira mwambo. Amaonetsa khalidwe loipa poyera kuti onse aone kunyansa kwake. Nyimbo za amayi ndizo zimamasulira nkhaniyo. Choncho musamangopenya mapazi okha. Tcherani khutu ku mawu.

Kodi Gule amadziwa bwanji poponda? Amamvana ndi ng'oma. Pabwalo sipakhala ng'oma imodzi. Pamakhala zingapo, iliyonse ndi mawu ake. Pali mpanje, ng'oma yaitali. Pali mbalule, imene imayankhulana ndi Gule. Woimba mbalule sachotsa maso pa mapazi a Gule. Phazi likagunda pansi, ng'oma nayo imagunda nthawi yomweyo. Usiku wozizira wa ku Dedza chikopa cha ng'oma chimafooka. Ndiye amachiwamba pamoto kuti mawu abwerere. Yesani sewero ili ndi mnzanu. Mmodzi aziponda pansi mmene akufunira, mofulumira kapena mochedwa. Winayo aziwomba m'manja nthawi yomwe phazi lagunda. Asatsogole, asatsalire. Mwaona kuvuta kwake?

Kodi zonsezi zinayamba liti? Kale kwambiri, agogo a agogo anu asanabadwe. Zizindikiro zake zili m'mapiri a Dedza momwemo. Kudera la Chongoni kuli matanthwe akuluakulu ndi mapanga. M'makoma a mapangawo muli zojambula. Zina ndi zofiira. Zimenezo anajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama amene ankakhala kuno kalekale. Zina ndi zoyera. Zimenezo anajambula ndi Achewa, ndi dothi loyera. Mwa zoyerazo, zina ndi za chinamwali cha atsikana, ndipo ojambula ake anali amayi. Zina ndi zilombo za Gule. Pa phanga la Namzeze mungazione zilombozo pakhoma. Mayina ena oti muwasunge ndi Chentcherere ndi Mphunzi.

Kodi malo a zojambulazi ndi angati? Ndi 127. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mukuona malo amodzi tsiku lililonse. Mwezi uli ndi masiku pafupifupi 30. Mudzatha miyezi ingati? Gwiritsani ntchito zala, kapena timiyala. Mwapeza? Miyezi inayi, n'kutsalanso sabata yathunthu! M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika Chongoni pa mndandanda wa malo amtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Mukadzapitako, maso okha. Zala zikhale m'thumba. Makala ndi choko zitsale kunyumba.

Nanga bwanji anthu anakajambula zilombo kobisika choncho? Akatswiri ofufuza zakale amati panali nthawi yovuta. Angoni anafika ndi nkhondo. Kenaka kunabwera amishoni ndi boma la atsamunda. Ambiri mwa iwo sankamufuna Gule. Achewa anapita ndi mwambo wawo kumapiri, kumene maso a alendo sankafika. Kumeneko anajambula zilombo zawo pathanthwe kuti zisaiwalike.

Kodi mwana angaone kuti nkhope za Gule modekha, mopanda mantha? Ku Mua. Kuchokera kumapiri mumatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti. Makutu amatseka, kutentha kumayamba. Mua ali m'tsinde mwa mapiri, kufupi ndi Mtakataka, m'boma la Dedza lomweli. Ansembe a Chikatolika otchedwa White Fathers anatsegula mishoni kumeneko mu 1902. Masiku amenewo amishoni ndi eni Gule sankamwerana madzi. Koma taonani mmene zinthu zimatembenukira. Mu 1976 wansembe wina wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe otchedwa Kungoni pamishoni pomwepo. Anakhala zaka zambiri akuphunzira kwa anthu a m'midzi, mpaka anapatsidwa mfunda wa Chisale. Kuchokera 1902 kufika 1976 papita zaka zingati? Chotserani. Yankho ndi 74.

Muli chiyani ku Kungoni? Muli amisiri osema ziboliboli. Mulinso nyumba yosungiramo za makolo yotchedwa Chamare. M'menemo muli za Achewa, za Angoni ndi za Ayao. Nkhope za Gule zimene zasungidwamo zimapitirira 400. Zofiira, zakuda, zachikasu. Za mano otuluka, za nyanga, za ndevu za khonje. Iliyonse ili ndi dzina lake ndi phunziro lake. Tiwerengenso. Mutati muziyang'ana nkhope iliyonse mphindi imodzi yokha, mphindi 400 ndi maola angati? Ola limodzi ndi mphindi 60. Ndi maola 6 ndi mphindi 40. Mukalowa m'mawa, mudzatuluka nsima ya masana itazizira kale! Nanga kukaonera Gule pabwalo penipeni? Ndikudziwa kuti mabanja ena sapita kubwalo la Gule chifukwa cha chipembedzo chawo. Mverani makolo anu pa zimenezo. Ndipo kubwalo mwana sapita yekha, amapita ndi akuluakulu.

Kodi anthu akunja amamudziwa Gule Wamkulu? Kwambiri. Mu 2005 UNESCO inalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse a padziko. Inatchula mayiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Zambia. Achewa ali m'mayiko onsewa. Chaka chilichonse, kumapeto kwa Ogasiti, amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. Amapita ku mwambo wa Kulamba, kukalemekeza Kalonga Gawa Undi. Kumeneko mumaona kuti dera lililonse lili ndi Gule wakewake. Mavinidwe amasiyana, nkhope zimasiyana, nyimbo zimasiyana.

Tsono kodi kumayiko ena kulinso zinthu zopanda mpweya zimene zimavina? Zilipo! Tiyeni tiwoloke nyanja zikuluzikulu, tipite kum'mawa, ku China. Kumeneko chikopa cha bulu chimavina. Inde, bulu yemwe uja wokoka ngolo. Chikopa cha ng'ombe ndi cha nkhosa nazonso zimavina. Amapanga nazo zidole zopyapyala. Zidolezo amaziseweretsa kuseri kwa nsalu yoyera, nyali ikuyaka kumbuyo. Oonerera amakhala kutsogolo kwa nsalu. Iwo amaona zithunzithunzi zikuyenda, zikumenyana, zikulira, zikuseka.

Chikopa chimasanduka bwanji chidole? Mmisiri amachiviika m'madzi. Amachipala, kuchipala, kuchipalanso. Amasiya pokhapokha chapyapyala moti kuwala kukudutsa. Kenaka amatenga timipeni takuthwa. Amadula mutu, thupi, manja ndi miyendo, chilichonse pachokha. Amaboola timaluwa ndi timizere pa zovala. Amapaka utoto wofiira, wobiriwira, wakuda ndi wachikasu. Pomaliza amalumikiza ziwalo ndi ulusi, kuti chigongono chizipinda, bondo lizipinda. Nyali ikayaka, chithunzithunzi chake sichikhala chakuda. Chimakhala cha mitundumitundu! Tambasulani dzanja patsogolo pa tochi mumdima, zala zitagundana. Mukuona kufiira m'mphepete mwa zala? Kuwala kukuyesa kudutsa mwa inu.

Kodi anayambitsa zimenezi ndani? Anthu a ku China ali ndi nthano yake. Padangokhala! Yankhanitu, "Tili tonse!" Padali mfumu yaikulu dzina lake Wu, ya ufumu wa Han. Inalamulira zaka zoposa 2,000 zapitazo. Mfumuyo inali ndi mkazi amene inkamukonda kwambiri, dzina lake Li. Mkaziyo anadwala n'kumwalira. Mfumu inagwidwa ndi chisoni chachikulu. Ndiye kunabwera munthu wina wanzeru. Anati, dikirani usiku. Kutada, anapachika nsalu. Anayatsa nyali kuseri kwake. Mfumu inakhala patali n'kumayang'ana. Pansalupo panaoneka chithunzithunzi cha mkazi, chikuyenda, chikukhala pansi. Mfumu inaona ngati ndi Li wake uja wabwera kudzamuona. Imeneyi ndi nthano, ana anga. Koma taonani poyambira pake. Kumenekonso nkhani yayamba ndi anthu osowa wokondedwa wawo amene anapita.

Kodi chidole cha chikopa amachiyendetsa bwanji? Ndi timitengo titatu. Kamodzi amakamangirira pakhosi. Tiwiri amatimangirira kumanja. Katswiri amagwira zidole zingapo nthawi imodzi. Uku akuyendetsa, uku akuimba. Amasintha mawu, pano a nkhalamba, pano a mtsikana, pano a msilikali. Pambali pake pamakhala oimba ng'oma, zitoliro ndi zoimbira za zingwe. Gulu lalikulu limakhala ndi anthu 7 mpaka 9. Laling'ono limakhala ndi anthu awiri mpaka asanu. Akuluakulu ena amasunga masewero ambirimbiri m'mutu, opanda buku. Mu 2011 UNESCO inalembanso luso limeneli pa mndandanda wake, umodzimodzi umene pali Gule Wamkulu.

Nanga sewero likatha, zidole zimagona kuti? Apa ndiye pokoma. Mutu wa chidole umachotsedwa. Thupi limodzi lingavale mitu yosiyanasiyana. Lero ndi mfumu, mawa ndi wakuba. Choncho gulu limakhala ndi mitu yambiri kuposa matupi. Posunga, mitu amaika kwina, matupi kwina. Akale ankati mukasiya mutu pathupi, chidole chidzuka usiku n'kuyamba kuyendayenda chokha! Inu mukuti bwanji? Mungagone m'chipinda chimodzi ndi bokosi limenelo?

Kodi zidole za ku China n'zofanana m'dziko lonselo? Ayi ndithu. China ndi dziko lalikulu zedi, ndipo dera lililonse lili ndi zake. Ku Tangshan amakonda chikopa cha bulu. Ku Shaanxi amakonda cha ng'ombe. Ku Quanzhou, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Fujian, zidole zake n'zamtengo, zolendewera pa zingwe. Chidole chimodzi chimakhala ndi zingwe 16, china mpaka kupitirira 30. Werengani zala zanu. Ndi khumi. Zingwe 30 kugawira zala 10, chala chilichonse zingwe zingati? Zitatu! Ndi zingwe zimenezo chidole chimathira tiyi m'kapu. Chimagwira cholembera. Ku Zhangzhou, m'chigawo chomwecho, chidole amachivala kudzanja. Chala chamkombaphala chimalowa m'mutu, zala zina m'manja mwake. Kumpoto kwa Sichuan zidole zake n'zazikulu, pafupifupi msinkhu wa munthu. Ndiye panali amisiri ena oyenda okha. Munthu mmodzi ankanyamula bwalo lonse la sewero pa mtengo wa paphewa. Akafika pamsika ankaimika kanyumba kake ka nsalu, n'kulowamo. Manja akuseweretsa zidole, phazi likuimba chitsulo, pakamwa pakutuluka mawu a anthu onse a m'nkhaniyo.

Oonerera amadziwa bwanji wabwino ndi woipa? Amayang'ana mtundu wa nkhope. Nkhope yofiira ndi ya munthu wolimba mtima ndi wokhulupirika. Yakuda ndi ya munthu wachilungamo, wosaopa. Yopakidwa yoyera mbee nthawi zambiri ndi ya kathyali. Koma amene ana a ku China amamukonda koposa ndi Sun Wukong, Mfumu ya Anyani. Ndi wochenjera, wopulupudza, wosamva kamodzi. Ali ndi ndodo imene imakula ndi kuchepa iye akalamula. Akadumpha kamodzi amafika kutali kosaneneka. Ine ndikuganiza kuti atakumana ndi Kalulu wa m'nthano zathu, akhoza kugwirizana tsiku lomwelo. Kapena akhoza kupusitsana mpaka dzuwa kulowa!

Ndiye kuti zidole za ku China ndi Gule Wamkulu n'chimodzimodzi? Ayi, ndipo apa mumvetsetse. Gule si chidole. Musadzayerekeze kunena choncho pamaso pa agogo. Gule ndi mwambo wolemekezeka, wokhala ndi zinsinsi zake. Ku China mwana akapempha bwino, akhoza kuloledwa kusuzumira kuseri kwa nsalu. Kudambwe sasuzumirako. Komabe zofanana zilipo. Zidole za ku China nazo zimaitanidwa pa maukwati, pa maliro ndi pa zikondwerero za kukachisi. Nazo zimayenda ndi ng'oma ndi nyimbo. Luso lake limachoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, pakamwa ndi pamanja. Ndipo konsekonse anthu amatenga zimene dera lawo lawapatsa. Kuno chimanga chatipatsa makoko. Khonje watipatsa ulusi, nkhuku ndi nkhanga zatipatsa nthenga. Uko bulu wawapatsa chikopa.

Kodi inu mungapange sewero lanu la zithunzithunzi? Mungathe, usiku uno womwe. Za Gule sititsanzira, zili ndi eni ake. Koma zithunzithunzi n'za aliyense. Yambani ndi manja okha. Mnzanu awalitse tochi kukhoma. Pindani dzanja, muimike zala ziwiri. Onani pakhoma. Makutu a Kalulu amenewo! Agwedezeni. Tsopano gundanitsani manja awiri, zala zazikulu zikolane, zala zina muzitambasule. Mbalame iyo, ikuuluka. Nanga galu mungamupange bwanji? Pakamwa pake pazitseguka. Yesani mpaka atuluke.

Nanga chidole chenicheni tipanga ndi chiyani? Bulu musiyeni, akoke ngolo yake. Ife tigwiritsa ntchito katoni yakale. Jambulani nyama imene mukufuna, koma muijambule cham'mbali. Mphuno iloze kutsogolo, mchira kumbuyo. Pemphani wamkulu akuthandizeni kudula ndi sizasi. Mutu muudule pawokha. Mwendo umodzi kapena dzanja limodzi mulidulenso palokha. Boolani timabowo, mulumikize ndi ulusi. Musamange kwambiri, chiwalo chizitha kugwedera. Boolani diso. Mudzadabwa mmene kadiso kowala kamapatsira chidole moyo. Tengani timitengo tiwiri ta nsungwi kapena ta bango. Kamodzi mumangirire pathupi, kena pa chiwalo chogwedera chija.

Kodi mitundu tingaipeze bwanji, poti katoni sidutsa kuwala? Nayi nzeru. Dulani kawindo pamimba pa chidole. Matanipo kapepala ka switi kofiira kapena kobiriwira, kaja koonekera mkati. Njira ina ndi iyi. Jambulani ndi makrayoni papepala loyera. Pemphani amayi kadontho kamodzi ka mafuta ophikira. Kamodzi kokha, mafuta ndi odula! Pakani papepalapo ndi chala. Liyang'anitseni ku tochi. Mwaona? Kuwala kwayamba kudutsa, mitundu ikuoneka.

Bwalo lathu likhala pati? Pakhomo la chipinda. Pachikani nsalu yoyera, muikoke kuti isachite makwinya. Tochi ikhale kumbuyo kwa nsalu, inu ndi zidole pakati. Gwiritsani ntchito tochi kapena kuwala kwa foni. Kandulo ndi koloboyi ayi, nsalu ndi moto sizigwirizana. Tsopano yesani ichi. Gundanitsani chidole ndi nsalu. Chithunzithunzi chikuoneka bwino, m'mphepete mwake mowongoka. Chibwezeni pang'onopang'ono kupita ku tochi. Chikutani? Chikukula! Chikukulirakulira, koma chikuyamba kuzimirira. Ndiye mukafuna chimphona choopsa, mwadziwa kochiimika. Mukafuna kuti mfiti izimiririke, mwadziwanso chochita.

Tisewera nkhani yanji? Funsani agogo nthano imodzi ya Kalulu ndi Fisi. Kapena pekani yanu. Gawanani ntchito. Awiri agwire zidole. Mmodzi agwire tochi, ndipo asamaigwedeze. Wina atenge chidebe chopanda kanthu, ikhale ng'oma. Woimba chidebe akumbukire za mbalule zija. Maso ake akhale pa mapazi a chidole. Fisi akaponda, chidebe chilire. Fisi akagwa, chilire kwambiri! Ang'onoang'ono akhale kutsogolo, aziyankha nyimbo ndi kuwomba m'manja. Wogwira Kalulu ayankhule ndi timawu tating'ono. Wogwira Fisi akhuthale mawu, aziyankhulira m'mphuno.

Sewero likatha, zidole tisunga pati? Ziikeni pakati pa buku lalikulu kuti zisapindike. Bukulo likhale pamwamba, kutali ndi chinyezi, makoswe ndi chiswe. Timitengo mutimange pamodzi ndi kachingwe. Nanga mitu, tichotse kapena tisiye? Zimenezo zili kwa inu. Wa Kalulu mukhoza kuusiya, akadzuka usiku angokubani mtedza pang'ono. Koma mutu wa Fisi, ine ndikanauika m'thumba lina, n'kumanga pakamwa pa thumbalo kawiri.